Sabata Yonenepetsa Agalu a Barnaba

Lolemba, 7 Julayi 2003

Kope ili ndi la agalu. Analisiya Barnaba, mwana wanga woyamba, kuti ndizilembamo zimene akuchita. Miyezi iwiri yathayi ndalembamo mawu atatu: Adya. Agona. Aba. Masamba otsalawa ndi anga tsopano. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, koma pensulo sifunsa.

Nkhani ndi iyi. Loweruka kukubwera anthu a ku Yofu, mudzi wina wa pachilumba pano, kudzaona pakhomo. Mnyamata wawo, Yohane, akufuna Edina, mdzukulu wanga amene ndamulera chimwalirire mayi ake. Akakwatirana adzakhala kuno ku Mbungo, ndiye abale ake akufuna aone kumene mwana wawo azidzadya. Kukubwera amalume awiri. Amenewo sindikuwaopa, amuna amangoona m'mbale. Koma akubwera ndi azakhali a mnyamatayo, Amai Dorika. Amenewo!

Amai Dorika sayang'ana mtsikana. Amayang'ana galu. Amati munthu amasamba, amadzola, amabwereka mipando, koma galu sabwereka mnofu. Galu akawonda ndiye kuti pakhomo pali njala, apo ayi pali kuumira. Maukwati awiri anathera pamenepo, ndikuwadziwa ndi maina omwe.

Ndiye tamvani agalu amene ndili nawo ine.

Barnaba anali khukhi kwa mzungu ku Blantyre. Mzungu popita kwawo, mlonda anapatsidwa njinga, wam'munda wailesi. Mwana wanga, agalu awiri. Anatsika nawo sitima kumayambiriro kwa Meyi, n'kubwerera kukafuna ntchito ina. Ati mtundu wawo ndi wipeti. Ine ndikuti ndi mono wa miyendo.

- nthiti zowerengeka uli kudoko
- mimba yomatirira kumsana
- miyendo ngati bango
- mchira pakati pa miyendo nthawi zonse, ngati angomva kumene uthenga wa maliro
- maso a munthu womanidwa

Maina achizungu ndinataya. Wamwamuna ndi Penyazako, wamkazi ndi Ndamva. Powaitana ndimayang'ana kumpanda kwa Esitere, mnansi wanga. Iye galu wake ndi Adzaona, wofiira, khutu limodzi, wonenepa ngati mtondo, ndipo palibe akudziwa chimene amadya.

Malamulo a Barnaba pachikuto cha kope:

1. Asagone panja, amamva kuzizira.
2. Azithamanga kamodzi patsiku.
3. Wamkazi asakumane ndi agalu a m'mudzi. Wamwamunayo alibe vuto, ndi mlongo wake ndipo anafulidwa kale.
4. Amayi, musawanenepetse. Analengedwa choncho.

Lamulo lachitatulo ndasunga, kupatula masana amodzi kumapeto kwa Meyi pamene ndinali ndi chinangwa m'madzi. Munthu sangalondere ziwiri. Lachinayilo ndalifufuta lero ndi malovu.

Masiku asanu. Ndawayeza m'chiuno ndi chingwe cha ukonde, aliyense chake, ndamanga mfundo kuno ndi kuno, ndakoleka pamsomali. Pofika Loweruka mfundozo zisakumane. Nkhumba imanenepa ndi madeya, nanji galu.

Lachiwiri, 8 Julayi

Adya lero:

- phala la mgaiwa lothira nsinjiro, poto wodzaza
- mitu iwiri ya kampango
- mazira anayi, onse amene nkhuku zanga zaikira
- kondowole wa dzulo woviika mumsuzi

Ine ndi Edina: chigwada.

Zonse zatha ndisanaweramuke. Mbale aitsuka ndi malilime mpaka ndikudziona nkhope. Kenako akundiyang'ana ngati sanadye chiyambire Pasaka.

Ndiye misala yawo yafika. Imafika tsiku lililonse, siphonya. Mmodzi amangogwetsa chifuwa pansi, matako m'mwamba, mnzake naye, basi fumbi! Kuzungulira mlambe, kuzungulira nyumba, kudumpha mtondo, kudumpha Edina ali chiweramire akutsuka mbale. Nkhuku padenga! Ndipo sauwa. Agalu amenewa sauwa, wakuba atabwera angamulondolere pali shuga. Amangothamanga pakamwa yasa ngati akuseka munthu. Akatha, pabedi panga, miyendo m'mwamba ngati mphemvu zakufa, mpaka dzuwa kupendeka.

Ndakhala pakhonde, ndaganiza. Mazira anga athera pamlambe. Chimene ndikuthira m'mawa akukhuthula ndi liwiro.

Chingwe: kwa Ndamva mfundo zakumana. Kwa Penyazako zapitirirana.

Esitere pampanda: "Amake Barnaba, akakowa anu aja mwawadyetsa?"

Ndaitana Penyazako katatu, mokweza, ali pamapazi panga.

Lamulo lachiwiri nalo ndafufuta. Mawa palibe wothamanga.

Lachitatu, 9 Julayi

Ndawamanga pamtengo wa mango ngati mbuzi.

Mwera ukuwomba, asodzi sanapite. Agalu akunjenjemera ngati malungo. Kulira kwake si kwa galu, ndi kwa chitseko chosowa mafuta. Opita kudoko akuima. Mayi wina wa kutsidya, wogulitsa nkhuni, watula mtolo, wamasula kansalu, wawaponyera chinangwa chake chophika, wandiyang'ana, wapukusa mutu, wasenza, wapita. Pakhomo panga! Chithandizo chochokera ku Mozambiki!

Chimene Barnaba sanalembe: mutu wa agalu amenewa ndi waung'ono kuposa khosi. Amangobwerera chambuyo, chingwe n'kuvuka ngati mkanda.

Zimene zachitika ndisanapeze patapata wachiwiri:

- adutsa pathanthwe pamene ndayanika chinangwa cha ufa wa Loweruka, chonse mumchenga
- tambala wa Esitere ali moyo, koma mchira ayi
- Penyazako waima ndi miyendo iwiri pathandala la usipa la Esitere, akusankha ngati ali pamsika ku Chipyela
- Ndamva sanathamange kwambiri, wakhala pansi pa thandala akudya zakugwa, Adzaona ali pambali pake ngati mlonda wa pachipata

Esitere: "Mukawamana kwanuko muzinena, tiziwaphikira kuno."

Ndili m'njira, wawonjezera: "Ndili ndi msuweni ku Yofu, paja mukudziwa."

Ndikudziwa.

Chinangwa ndatola chimodzichimodzi, ndatsuka, ndayanikanso. Msana!

Masana wadutsa mnyamata wazaumoyo wa ku Kasungu, amene amayenda ndi sikelo ya ana. Ndamupempha andikolekereko mmodzi. Wakana, waseka mpaka kugwira mtengo. "Agogo, amenewa ngakhale mutawaphera ng'ombe, adzakhala chonchi." Mwana wa kumtunda, nsomba yaiwisi anayamba kuiona ali ndi ndevu, andiphunzitse ine kudyetsa.

Chingwe: Penyazako chimodzimodzi. Ndamva ngati chathina pang'ono. Mwina ndi usipa wa Esitere. Ngati ndi choncho, Mulungu amudalitse.

Ine ndi Edina: chigwada.

Lachinayi, 10 Julayi

Tsiku la amayi kutchalitchi. Edina wapita kunyanja kukachapa nsalu za patebulo. Agalu ndawatsekera m'nyumba, chitseko ndatchingira ndi mtondo. M'nyumba mulibe mlambe woti azungulire.

Ku Chipyela ndafika bwino. Tapempherera odwala, tapempherera apaulendo, kenako amayi otsogolera ati tipempherere "amene akuvutika mwakachetechete." Atatu acheuka. Potuluka, Amai Feresi andikokera kuseri kwa chipilala, andipatira kathumba ka ufa m'manja. "Musachite manyazi, chaka chatha tonse tinaiona njala."

Ndiye kuti yafika pa Chipyela. Kuchoka pa Chipyela kupita ku Yofu, nkhani siipuma panjira.

Ufa ndalandira. Ufa sulakwa.

Kunyumba:

- shuga wa alendo: pepala lokha
- majarini wa alendo: chitini chowala, chili pabedi
- nsinjiro: fungo
- pilo mmodzi wang'ambidwa, usufu nyumba yonse
- duku langa la maliro latafunidwa pakona, osati chifukwa cha njala, kungofuna

Onse awiri ali m'bulangete, mitu papilo wotsalayo. Penyazako watsegula diso limodzi, wandiona, watseka.

Sindinakalipe. Ukawakalipira amanjenjemera, kunjenjemera kumawondetsa.

Koma chingwe! Chingwe! Kwa Ndamva mfundo sizikukumana! Zala ziwiri! Ndayeza katatu, kachitatuko nditavala magalasi a malemu amuna anga. Zala ziwiri!

Edina: "Agogo, koma akungonenepa pamimba pokha."

Ndamuuza kuti nayenso anayamba choncho. Munthu sayamba ndi masaya.

Penyazako wadya shuga paketi yonse ndi majarini, chingwe chikungotsetsereka ngati pansungwi. Kumene zikupita sindikudziwa. Mwina ali ndi abale amene akuwatumizira.

Lachisanu, 11 Julayi

Latsala limodzi. Nzeru zasintha. Ndamva adzakhala pakhonde, poonekera, mimba kuloza kuchipata. Penyazako avale.

Ndatulutsa juzi lobiriwira la malemu amuna anga, lija ankapita nalo kokoka usipa. Zaka zisanu ndi chimodzi lili m'sutikesi. Ndadula manja, ndasoka kunsi, m'kati ndalongamo usufu wa pilo uja ndi nsanza. Palibe chotayika pano. Ndipo lamulo loyamba likuti amamva kuzizira. Lamulo limenelo ndikulisunga.

Wavala osalimbana, wachita kutukula mwendo yekha. Zikuoneka kuti kwa mzungu ankavala. Akuoneka ngati dzungu lobayidwa pa timitengo tinayi. Ukaima patali, n'kutsinzina pang'ono, ndi galu wa pakhomo podya. Vuto ndi poyenda. Iye akapita kumanja, mimba imapita kumanzere. Ndiye asayende.

Edina wakhala pamtondo, akundiyang'ana ndikusoka. Walira pang'ono. "Agogo, bwanji tingowauza zoona?"

Zoona zake ziti? Kuti kuli dziko limene anthu amaweta galu kuti aziwonda dala? Amai Dorika akhulupirire zimenezo? Ine ndemwe, amene ndikugona nawo, sindikukhulupirira.

"Yohane ndikumufuna, agogo."

Ndikudziwa. Nanga ndikusokeranji juzi la agogo ako.

Zokonzeka:

- mipando inayi, yobwereka kwa aphunzitsi
- shuga wina, Edina wakagula, ndakoleka kudenga pamodzi ndi mbewu
- nkhuku ya mawa: thadzi lakuda, lasiya kale kuikira chifukwa cha mantha
- ufa wa chinangwa: ukulira pang'ono m'mano, tidzati ndi mwera

Chingwe: Ndamva zala ziwiri ndi theka. Misala ya masana sanachite nawo, wangoyang'ana mlongo wake akuzungulira yekha. Ulesi wa onenepa. Ndamupatsa dzira lomaliza.

Adzaona wakhala pachipata tsiku lonse. Ndamuponyera chitsononkho, wangosuntha pang'ono. Fungo la mitu ya kampango, ndikuganiza.

Loweruka, 12 Julayi

Afika dzuwa lisanafike pamutu. Amalume awiri pambuyo, Amai Dorika patsogolo ndi ambulera, mvula kulibe. Kamunthu kakafupi, maso ngati a nkhwazi. Moni akupereka kwa ine, maso ali pansi, akufunafuna.

Ndamva pakhonde, mimba poyera. Amai Dorika amuyang'ana nthawi yaitali. Penyazako pakona, m'juzi, ndamupatsa fupa kuti akhazikike. Amuyang'ananso. "Galu wovala." Ndati ndi mwambo wa ku Blantyre.

Edina wagwada bwino, wathira madzi bwino. Nkhuku yapsa bwino. Zonse bwino mpaka pemphero la chakudya. Amalume aakulu amapemphera ngati munthu wopalasa bwato kupita ku Chizumulu. Onse maso otseka. Ine diso limodzi lokha.

Walowa pachipata tambala wa Esitere, wopanda mchira uja.

Ndinganene kuti ndinaona Penyazako akudzuka, koma ndinganame. Ndangoona:

- juzi likukodwa pamsomali wa mpando wa aphunzitsi
- ulusi wanga ukuthothoka, wa dzulo lonse
- mlambe ukuzunguliridwa kanayi
- nsanza zikugwa imodziimodzi ngati mbuzi ikuyenda, pakati pake pitikoti wanga wakale
- usufu m'mwamba, mwera n'kuubweretsa patebulo

Pofika pa Ameni, alendo atsegula maso, usufu ukutera m'ndiwo. Tambala ali pamwamba pa chimbudzi. Penyazako wabwerera ali ndi kolala yokha ya juzi, nthiti zonse pabwalo, wayang'ana anthu onse, wasankha. Wakwera pamiyendo pa Amai Dorika, wadzipinda, walowetsa mphuno m'khwapa mwawo, akunjenjemera.



Amai Dorika ayika chala panthiti yoyamba, ayamba kutsika nazo ngati akuwerenga masitepe a tchalitchi.

Ndati uyu ndi wosayamika, musamuone, taonani mlongo wakeyu. Ndaitana Ndamva. Wabwera pang'onopang'ono, mwaulemu, monga galu wodya. Amai Dorika apisa dzanja kunsi, apapasa, atukula mutu.

"Amake Barnaba, munabereka angati inu?"

Ndati asanu ndi awiri.

"Ndiye mawerewa simukuwaona? Uyu sananenepe. Masabata awiri, atatu, muli ndi alendo ena."

Pachipata Adzaona akugwedeza mchira, khutu lake limodzilo lili chilili. Pampanda mutu wa Esitere, kaya unafika nthawi yanji: "Asewere anga! Mwaswera bwanji, asewere?"

Amalume aang'ono atsamwa.

Ndiye Edina wagwada pakati pa bwalo, usufu uli m'mutu, wanena zonse. Mazira. Mitu ya kampango. Chingwe cha pamsomali. Juzi la agogo ake aamuna. Chigwada sabata yonse. Kuti agalu si athu, ndi a amalume ake. Ndamutsinzinira diso, sanandione, kapena wandiona.

Amai Dorika ati akufuna aone pamene agalu amagona. Alowa, Penyazako ali m'manja ngati khanda. Aona bedi, aona bulangete la ubweya, aona kamalo kanga kumphepete, kokwana mkono umodzi. Atuluka, akhala.

"Ndayenda makomo ambiri. Obisa njala ndawaona. Wobisa galu m'juzi la malemu, uyu ndi woyamba."

Edina mutu pansi. Ine ndikuyang'ana mlambe.

"Ngati galu wa eni akudya mazira, mwini nyumba akudya chigwada, Yohane pano sadzafa. Tiyeni tidye, zikuzizira."

Adya. Mchenga walira m'mano, onse angomeza. Amalume akuchotsa usufu pankhuku ndi zala. Nthutumba, imene ndinaikira amalume aakulu, Amai Dorika aitenga pamaso pawo n'kupatsa Penyazako. Wameza osatafuna, waayang'ana ngati sanadye chiyambire Pasaka. Amupatsanso chiwindi.

Chinkhoswe mu Seputembala.

Pitikoti atola ndi amalume aang'ono, apinda bwinobwino, aika pampando.

Lamulungu, 13 Julayi

Kutchalitchi nkhani yafika ine ndisanafike. Pakhomo pa tchalitchi mayi wina amene sindimudziwa n'komwe wafunsa ngati ndimasoka majuzi a mbuzi. Amai Feresi andiyang'ana kuyambira kumutu: "Agalu tamva. Koma inuyo ndiye mwawonda." Ufa uja sanaufunse. Siketi yanga ya tchalitchi ndayenda nditaigwira ndi dzanja.

Sitima ya dzulo yabwera ndi kalata ya Barnaba. Wapeza ntchito, Mulungu alemekezeke. Abwana atsopano safuna agalu. Adzabwera pa Khirisimasi, mwina. Kumapeto walemba ndi zilembo zazikulu, n'kudula mzere kunsi: "Amayi, makamaka lamulo lachitatu."

Ndayipinda.

Amai Dorika atumiza mawu. Akufuna ana awiri a Ndamva akabadwa. Owonda, a miyendo yaitali, otengera kuchimake. "Asakhale ngati bambo wawo." Ati ku Yofu kulibe galu wokhala pamiyendo ngati munthu. Aphunzitsi akufuna mmodzi, mpando wong'ambika sanautchule. Esitere ati theka ndi ake, pakuti mbewu ndi ya kwawo. Ndamuona m'mawa akuyang'ana Adzaona m'chiuno, n'kubweza chakudya china mumphika.

Wazaumoyo uja wadutsa, ati Ndamva tsopano azidya bwino, mazira ngati alipo. 

Zingwe ziwiri zija ndamangira nkhuni. Juzi latsala kolala, Penyazako akukana kuvula. Likumukhala bwino kuposa mwini wake, Mulungu andikhululukire.

Edina akuimba kukhitchini, akuphika chigwada.

Misala ya masana yachitika panthawi yake. Sindinadzuke. Tsopano Ndamva ali pakati pa bedi, Penyazako papilo. Ndayala mphasa pansi pa zenera, pali kadzuwa.

Kope ndi la agalu, ndiye ndimulembere Barnaba zake:

Adya. Agona. Akuchuluka.